Wotchi Inkaima pa Masamba

Msewu tinauyeza ndi njinga. Aphunzitsi anamanga kasanza kofiira pa sipoko ya tayala lakutsogolo n'kuyamba kuikankha pang'onopang'ono, ine ndili pambali kuwerenga nthawi iliyonse kasanzako kakafika pansi. Chikakwana chiwerengero chimene iwo analemba pa kapepala, ndinkati, "Yakwana," ndipo alamu anga, amuna awo a achemwali, ankapaka laimu pa mtengo umene unali pafupi. Imeneyo inali kilomita imodzi. Ntchito yowerengayo anandipatsa ine chifukwa sindinkalankhulalankhula. Kawiri konse ndinasokoneza, ndipo kawiri konseko ndinayenda kamtunda ndisanalimbe mtima kuwauza. Tinkabwerera pa mtengo wam'mbuyo n'kuyambiranso, alamu akundinena kuti sukulu ya ku Nsambe imaphunzitsa kuwerenga mbatatesi zokha.

Tinatha masiku awiri, mitengo ya laimu n'kukwana khumi ndi isanu, kuyambira pa mlambe wa pafupi ndi Luwani kutsikira cha ku Lisungwi. Masiku amenewo zipani zinali zitangochuluka, ndipo chilichonse chopakidwa pa mtengo anthu ankachiyang'ana kawiri. Mayi wina wosenza nkhuni anaima n'kufunsa, "Kodi chimenechi ndiye chipani chanji, cha laimu?"

"Chipani cha miyendo, mayi," anatero alamu. "Makadi sitigulitsa. Mubwere mawa m'mamawa, koma nkhunizo musiye kunyumba."

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sitandade eyiti ndinalemba kawiri kwathu ku Nsambe, dzina osatuluka. Mayi ananditumiza kumunsi kwa achemwali, poganiza kuti alamu andipezera ganyu ku kampu ya anthu othawa nkhondo, kumene iwo ankatsitsa matumba a ufa. Ndinafika mochedwa. Nkhondo ya ku Mozambique inali itatha, malole anali atatuta anthu kubwerera kwawo, ndipo m'kampumo munangotsala zipupa ndi mitengo ya mapapaya yopanda mwini. Ntchito ya alamu inatha. Ya aphunzitsi nayonso inatha. Iwo sanali a m'kalasi ayi, anali kalaliki wa nyumba yosungiramo katundu pakampupo. Tinkawatchula choncho chifukwa ali mnyamata anathamangapo mpikisano wautali wa ku Blantyre, wa makilomita makumi anayi ndi awiri, ndipo kansalu ka nambala yawo ankakasunga m'Baibulo.

Ndiwo anatisonkhanitsa, anthu asanu osowa chochita: alamu, ine, telala wina wa pa Lisungwi ndi anyamata awiri apachibale. Anati munthu akamaliza mpikisanowo maola atatu asanakwane, akuluakulu a makampani ndi a usilikali amene amaima pothera amamulemba dzina, ndipo ntchito imayambira pomwepo. Ngati zinali zoona sindikudziwa mpaka lero. Ine ndinakhulupirira, poti chinanso chokhulupirira ndinalibe. Koma malo anali awiri okha. Mbale wawo wa ku Ndirande anati m'kachipinda kake mungagone alendo atatu basi, aphunzitsiwo ndi othamanga awiri. Awiriwo anali oti adzasankhidwe pa tsiku la mayeso: makilomita makumi atatu, kupita ndi kubwerera, mphindi zinayi kuchoka pa mtengo wina kufika pa unzake.

Kuthamanga ndinkatha, poti mwana wa kumapiri amakula akukwera zitunda. Chimene chinkandikanika chinali kuthamanga mofanana. Aphunzitsi ankatitsatira pa njinga, wotchi ili lende pachifuwa pa kachingwe. Inali ya manambala, yokhala ndi kabatani koimitsira, imene mzungu wina wa kukampu anawasiyira pochoka. Tikafika pa mtengo wa laimu ankakuwa. Tikachedwa ankati, "Mwadya khumi!" Tikafulumira ankati, "Mwaba khumi!" Kwa iwo kuba masekondi kunali koipa kuposa kuwadya.

Ine ndinkaba tsiku lililonse. Ndikangomva tcheni cha njinga kumbuyo kwanga, ndinkafuna aone kuti ndikuyesetsa, miyendo n'kuyamba kuthawa yokha. Pofika pa mtengo wachisanu ndi chimodzi ndinkakhala nditawerama m'mbali mwa msewu, malovu owawa akutuluka.

"Mphwanga, kodi ukuthawa ndani?" anandifunsa tsiku lina atatsika panjinga.

"Palibe, aphunzitsi."

"Nanga masekondi wabawo ukawabisa kuti? Msewu udzakulanda onse kutsogoloko, pomwe udzawafune."

"Pepani, aphunzitsi."

"Usandipepese ine. Pepesa miyendo yako."

Amene anandichiritsa ndi alamu. Pobwerera kunyumba tsiku limenelo anandikoka khutu ngati mwana n'kunena kuti, "Mlamu, iwe vuto lako umathamangira kuyamikiridwa. Mawa uime kumanzere kwangaku. Usayang'ane mtengo, usamvere njinga. Uzimvera phazi langa basi." Anali ndi nsapato za kaunjika zoyera, ndipo yakumanzere inali itayamba kumatuka kunsi, moti ikagunda pansi inkati phwa. Ndinaika phazi langa m'kati mwa phwa ameneyo. Phwa, phwa, phwa, mtengo. "Zinayi ndendende!" anakuwa aphunzitsi, kwa nthawi yoyamba ine ndili m'gulumo. Kuyambira pamenepo wotchi yanga inali nsapato ya alamu. Patapita milungu ingapo ndinkatha kudziwa kuti mtengo wayandikira ndisanauone.

Tsiku loyamba kukumana ndi masamba tili paliwiro linali Loweruka lina, titangodutsa mtengo wachisanu ndi chiwiri. Nthambi zaziwisi zinali zitayalidwa mopingasa msewu, zina zikuonekera patsogolo, mtunda woti munthu n'kuitana mnzake n'kumumva. Kwathu ndi mwana yemwe amadziwa kuti pakati pa masamba oterowo pali maliro. Wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, wa wailesi amatseka, ndipo galimoto imayenda ngati ikudwala. Kuthamanga ndiye sungayerekeze. Tonse tinacheukira aphunzitsi. Iwo anali atatsika kale, chala chili pa kabatani.

"Ndaimitsa," anatero. "Valani malaya. Yendani."

Tinamasula malaya amene tinkamanga m'chiuno n'kuvala, tinaika manja kumbuyo, n'kuyenda titazolika. Azibambo anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, azimayi akuimba m'nyumba ya siwa. Tinawerama pang'ono podutsa, aphunzitsi n'kupepesa m'malo mwa tonsefe. Titaponda kuseri kwa masamba achiwiri anati, "Ndayambitsa," ife n'kunyamuka.

Miyendo inali ngati yatsopano. Mpweya unali utabwerera, kubaya kwa m'nthiti kutatha. Mtengo wachisanu ndi chitatu unabwera wokha. Pobwerera tinayendanso pamalo omwewo, ndipo pomaliza aphunzitsi analemba m'kope lawo kuti makilomita makumi awiri, mphindi makumi asanu ndi atatu. Mphindi zimene tinayenda sizinalembedwe paliponse.

Telala uja, amene anali munthu wokonda kufunsa, anati, "Aphunzitsi, nanga kupuma kuja sikuwerengedwa?"

"Kumene kuja si kupuma," anayankha akutseka kope. "Ndi ulemu. Ulemu sauwerengera pa wotchi."

Tonse tinavomereza, ndipo zinkamvekadi zoona. Palibe anafunsanso.

Chaka chimenecho maliro anachuluka. Sanali a nkhalamba ayi. Anali a amuna a msinkhu wa alamu, a atsikana amene anakwatiwa dzana, a azimayi osiya ana kubere. Anthu ankangoti matenda a masiku ano, n'kutsitsa mawu. Loweruka losakumana ndi masamba linkasowa. Nthawi zina maliro ankakhala awiri pamsewu wathuwo, ndiye kupita ndi kubwerera tinkayenda kanayi. Masamba ouma a sabata yatha ankakhala atakankhidwira m'mbali, aawisi atayalidwa pafupi pomwepo. Mitengo ya mango ya m'mphepete mwa msewu inatha nthambi zam'munsi. Ndipo kope la aphunzitsi linkadzaza ndi manambala okongola.

Sindikudziwa tsiku limene ndinayamba kuwafunafuna. Ndinangozindikira kuti tikadutsa mtengo wachisanu maso anga ankatsogola, kusakasaka chobiriwira pa fumbi lofiira. Ndikachiona, mtima unkakhala pansi. Kenaka ndinkavala malaya n'kuyenda mwaulemu ngati anzanga, kumva kulira kwa anamfedwa, pamene m'ntchafu mwanga mukuyenda kukoma. Lamulungu kutchalitchi ndinkapempha chikhululukiro osatchula tchimo lake. Loweruka lina msewu wonse unali woyera, wopanda tsamba n'limodzi lomwe. Tsiku limenelo tonse asanu tinalephera tisanafike kumlambe. Aphunzitsi anati linali dzuwa.

Alamu anandigwira. Tinali tikusamba kumtsinje pamene anati, "Mlamu, ndakuona. Ukaona masamba nkhope imawala ngati akupatsa tiyi wamkaka."

"Ayi, alamu, si choncho."

"Ukukana chiyani? Tonsefe timatero. Telala uja mpaka amameza malovu." Anandithira madzi kumaso akuseka. "Usadandaule. Akufa alibe nsanje. Amatipumitsa kwaulere."

Ine sindinaseke. Ndinachita manyazi kuti chimene ndinkabisira ngakhale Mulungu chinali poyera chonchi.

M'nyengo yozizira alamu anayamba kutsokomola. Poyamba ankati ndi fumbi. Kenaka phwa uja anayamba kusokonekera: ankachedwa pang'ono, n'kufulumira, n'kuchedwanso. Ine, poti wotchi yanga inali imeneyo, ndinkachedwa nawo limodzi osadziwa. Tsiku lina tinafika pa mtengo anzathu atatu atatisiya kale, aphunzitsi n'kunena mawu amene anali asanawanenepo kwa alamu: "Mwadya makumi atatu." Anandiyang'ana ine n'kuti, "Iwe pita! Asiye!"

Ndinasowa womvera. Ndikapita ndiwasiya alamu, ndikatsala ndakana aphunzitsi. Ndinangopitiriza pambali pa alamu. Alamu anandikankha kumsana ndi chikhatho.

"Pita, iwe. Ndikufuna ndimange nsapato."

Ndinacheuka nditapita kamtunda. Anali atagwira mawondo, ndipo zingwe za nsapato zawo zinali zomanga bwinobwino.

Sanabwerenso kumlambe. Mashingozi anawatuluka m'nthiti, anapita kuchipatala, anabwera ndi mapiritsi, n'kupitanso. Ndinkaona achemwali akuboola lamba wawo ndi msomali wamoto, bowo lina, patapita milungu iwiri linanso. M'mawa ndikamachoka ankakhala pakhonde atafunda bulangete, ndipo ndikabwera ankafuna ndiwauze zonse.

"Lero waba angati?"

"Sindinabe, alamu."

"Masamba?"

"Amodzi, cha kumtengo wa khumi."

"Kutali kumeneko, sanakuthandize." Anatsokomola nthawi yaitali, kenaka anati, "Komatu nyumba yathu ino ili pabwino, mlamu. Mtengo wachitatu. Pobwerera ndi pomwe umafera paja, eti? Anga akadzayala udzapumira pabwino."

"Bambo ake mwana, musamalankhule choncho," anatero achemwali ali kukhitchini.

"Ndikucheza ndi mlamu wanga. Kodi nacho chaletsedwa? Si ufulu uja tinavotera?"

Itatsala sabata imodzi kuti tichite mayeso anandiitanira m'nyumba, poti pakhonde sankathanso kufikapo. Anandilozera nsapato zija pansi pa mpando. Ine nthawi yonseyi ndinkathamanga ndi zapulasitiki zimene zinkandiotcha. Zawozo zinandikulira, ndiye achemwali anafwinyamo thonje kuzala. "Yakumanzereyo usakasoketse," anatero alamu. "Ukasoketsa wazimitsa wotchi."

Tsiku la mayeso linafika iwo atatha masiku atatu osadya. Mayi awo ndi azakhali awo anali atabwera n'kukhala m'nyumbamo, atatambalala motsamira khoma. Aliyense amadziwa chimene azimayi amadikira akakhala motero. Ndinadzuka kum'mawa kutangoyera, ndinaima pakhomo nsapato zili kumanja. Ndinali nditakonza mawu okawauza aphunzitsi: kunyumba sikuli bwino, lero sindithamanga. Ndinawabwereza kangapo mumtima.

Achemwali anatuluka ndi beseni. "Pita," anatero osandiyang'ana. "Ukhala pano uchita chiyani?"

Ndinasuzumira m'chipinda. Ndinkayesa ali m'tulo, koma maso anali otsegula. Milomo inagwedera, ine n'kugwada kuti ndimve.

"Mlamu," anatero. "Usabe."

Ndinayenda makilomita atatu aja kupita kumlambe mawu anga ali okonzeka. Ndinapeza anzanga atatu akudziwongola, aphunzitsi akupopa tayala. Atandiona nkhope yawo inamasuka. "Wafika, mphwanga. Ndinadziwa kuti iwe sungandigwiritse mwala." Ndinavala nsapato zija. Ndinamanga malaya m'chiuno n'kuima pamzere.

Tinadutsa pa mtengo wachitatu dzuwa likutuluka. Ndinaponya diso panjira yolowera kwathu. Kunali zii, utsi wokha ukutuluka kukhitchini. Phwa anali pansi panga tsopano, ndipo ndinamumvera monga anandiphunzitsira. "Zinayi ndendende!" Mtengo wina. "Zinayi ndendende!" Msewu unali woyera. Pa mtengo wachisanu ndi chiwiri panalibe kanthu, pa wa khumi panali masamba ouma okha m'ngalande. Tinafika pa wa khumi ndi chisanu, tinaugwira ndi dzanja n'kutembenuka osayendapo n'kamodzi komwe. Mmodzi wa apachibale aja anakhala pansi pomwepo. Mbale wake anapirira mitengo ina inayi, kenaka ndinangomva kuti kumbuyo kwachepa mapazi. Tinatsala awiri, ine ndi telala.

Titapitirira makilomita makumi awiri miyendo inayamba kufunsa. Inali isanafikepo kutali chonchi osapatsidwa kanthu. Ntchafu zinauma ngati zikuni, m'nthiti munabaya, lilime linakakamira kumwamba. Telala ankapuma ngati mvukuto pambali panga. Maso anga anali atatsogola kalekale, kusesa msewu kona iliyonse. Chobiriwira chilichonse chinkandinamiza, kaya udzu, kaya nsalu yoyanika.

"Mwadya asanu!" anakuwa aphunzitsi. "Gwirani, anyamata! Yatsala isanu yokha!"

Pamenepo ndinapemphera. Mawu ake ndimawakumbuka, poti anali ochepa ndipo ankayenda ndi phazi. Ambuye, masamba okha. Ambuye, ngakhale amodzi. Ndinkadziwa chimene ndinkapempha. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti sindinaganize za mwini wake wa masambawo. Koma ndinaganiza. Nkhope yawo inabwera, ndinaikankhira pambali, n'kupitiriza kupempha.

Titadutsa mtengo wachinayi n'kukhota pa kona, ndinawaona. Anali aawisi, obiriwira bwino, atayalidwa mopingasa msewu wonse. Mtima wanga unadumpha. Ndikunena zoona, ndinasangalala mpaka misozi inalengeza. Ndinathamanga ndi chimwemwe chimenecho mapazi mwina makumi awiri, ndisanazindikire mtengo wa mango wothyoledwa kumene, ndi laimu wa pa mtengo wachitatu, ndi njira yolowera kwathu. Kenaka ndinamva mawu a achemwali pamwamba pa mawu a azimayi ena onse.

Njinga inaima kumbuyo kwanga. "Ndaimitsa," anatero aphunzitsi, motsitsa kwambiri.

Ndinamasula malaya n'kuvala. Mabatani anandivuta, telala n'kundimangira. Ndinaika manja kumbuyo monga mwa masiku onse. Nsapato ija inkati phwa apa ndi apo, pang'onopang'ono. Ndipo chimene sindinathe kulikhululukira thupi langa n'chakuti linalandira. Mpweya unabwerera, kubaya kunatha, kukoma kuja kunayenda m'ntchafu ngati kuti maliro ndi a mlendo. Ndinakhota panjira yathu, telala ndi aphunzitsi akunditsatira. Wotchi sinayambitsidwenso tsiku limenelo. Nsapato ndinavulira pakhomo.

Anamwalira titangotembenuka kumene kumtengo wa khumi ndi chisanu, monga ndinamvera pambuyo pake, ndiye kuti pemphero langa linawapeza atapita kale. Zimenezo sizinandipepuze. Achemwali sindinawauze kanthu, ndipo sanandifunse chifukwa chimene ndinkalephera kuwayang'ana kumaso masiku onse a maliro.

Titameta, aphunzitsi anabwera ndi kope lawo. Tinakhala pakhonde pomwe alamu ankakhala paja. "Makilomita makumi awiri ndi asanu ndi awiri," anatero akuloza ndi chala. "Unali m'nthawi. Atatu otsalawo ukanamaliza, si choncho?"

Ndinkadziwa kuti sindikanamaliza. Pakanapanda masamba aja ndikanagwa ndisanafike pa mtengo wachiwiri. Koma ankandiyang'ana ndi maso ofuna kuti ndivomere.

"Inde, aphunzitsi," ndinatero.

"Basi. Upita iwe ndi telala."

Tinakwera lole ya makala pa Zalewa, n'kukafika ku Ndirande titada ngati makala omwewo. Za mzindawo ndikumbuka zochepa. Ndikumbuka kuti othamanga anali ambiri kuposa anthu a tchalitchi chathu, ena ovala nsapato zimene ndinali ndisanazionepo, ndi kuti phula linali lolimba kuphazi kuposa fumbi lakwathu. Aphunzitsi anabwereka njinga ya mbale wawo kuti azitipeza m'njira. Mfuti italira anthu anathamanga ngati njuchi zawatulukira, koma ine sindinabe. M'phokoso lonselo ndinamupeza phwa n'kulowamo. Pa kilomita ya khumi aphunzitsi anali m'mbali mwa msewu akukuwa, "Zinayi ndendende!" Pa ya makumi awiri chimodzimodzi. Ndinayamba kudutsa anthu amene anandisiya poyamba paja.

Kenaka maso anatsogola. M'tauni namonso anthu amafa, ndipo masamba amayala, koma msewu umene anatisankhirawo apolisi anali atautseka, unali wakuda, wopanda tsamba, kuyambira uko mpaka uko. Maso anasesa phula, n'kubwerako opanda kanthu. Nthawi ino sindinapemphere. Ndinaluma mano n'kukana. Ndinapirira kilomita ina, ndi inanso, pa chitunda china chachitali chokhala ndi masitolo mbali zonse.

Sindinasankhe kuima. Ndinangozindikira kuti ndikuyenda. Ndipo manja anga anali kumbuyo, mutu wozolika, monga ndinaliphunzitsira thupi Loweruka lililonse kwa miyezi yonse ija. Anthu oonerera anayamba kuseka.

"Thamanga, achimwene! Wataya chiyani pansipo?"

"Ameneyu akupita ku maliro!" anakuwa mnyamata wina wogulitsa nzimbe, anzake n'kufa nacho chiseko.

Ndinamva tcheni cha njinga kumbuyo. Aphunzitsi anatsika n'kuyamba kuikankha pambali panga. Ndinaona chala chawo chikupita chokha pa kabatani kaja. Chinakhala pamenepo osadina. Anayang'ana wotchiyo nthawi yaitali, manambala akuthamanga, kenaka anaisiya igwere pachifuwa.

"Ya kuno siima, mphwanga," anatero.

"Pepani, aphunzitsi."

"Ayi." Anapukusa mutu. "Telala uja anandifunsa za kupuma kuja. Ine ndi amene ndinayankha."

Ndinathamanganso, n'kuyenda, n'kuthamanganso. Mphindi zinayi zija sizinabwererenso. Ndinamaliza maola atatu atadutsa kalekale, ndipo telala anafika pambuyo panga akutsimphina, nayenso atayenda malo atatu. Pothera panali azimayi ogawa madzi ndi anthu opinda mipando. Akuluakulu olemba maina, ngati analipo, anali atapita.

Mawa lake tinabwerera. Galimoto inatitsitsa panjira, ndipo mtunda wotsala tinayenda wapansi pa msewu wathu womwe uja, atatu, miyendo ili gwa. Laimu anali akuonekabe pa mitengo. Cha pa mtengo wachisanu ndi chinayi tinapeza masamba aawisi. Tinali tikuyenda kale, malaya tinali titavala kale, panalibe choti tisinthe. Komabe aphunzitsi anagwira wotchi pachifuwa n'kudina, ngakhale sinkawerenga kanthu. Atazindikira anaivula m'khosi n'kuiika m'thumba.

Gulu lathu linathera pomwepo. Mvula isanagwe achemwali anabwerera kwathu ku Nsambe ndi mwana wawo, ine n'kuwanyamulira katundu, ndipo ndi kumene ndakhala mpaka lero, kulima mbatatesi zimene alamu ankandinena nazo. Nsapato zija ndinazivala kumunda mpaka yakumanzere inalekana pawiri. Kusoketsa sindinasoketse.

Ndikamatsika ndi njinga kupita kumsika n'kupeza masamba pamsewu, ndimatsika ngati wina aliyense. M'ntchafu mumayendabe kakukoma kaja, ngakhale ndisanatope, ndipo ndinaleka kulimbana nako. Chimene ndimachita n'chakuti sindidutsa osafunsa. Ndimaimika njinga, n'kupita pamene pakhala azibambo, n'kufunsa kuti watisiya ndani.